Loya wandipempha ndikachitire umboni pa mlandu wa ambulansi: ndivomere?

Kalata iyi inafika pa imelo Lolemba lapitali kuchokera kwa nesi wina wa kuno ku Lusaka, amene wagwira ntchito m'ambulansi ndi ku casualty (kolandirira odwala mwadzidzidzi) zaka 9. Ndaifupikitsa, ndipo ndachotsamo zonse zimene zingamuzindikiritse.

"Bambo, loya wina wandipeza kudzera mwa msuweni wanga. Akuimira banja limene mwana wawo anamwalirira m'ambulansi ya kampani ina, pa ulendo wochoka ku kiliniki kupita ku chipatala chachikulu. Akufuna ndiwerenge mapepala, ndilembe lipoti, mwinanso ndikalankhule ku High Court ngati katswiri. Akuti andilipira. Ine sindine dokotala, kukhoti sindinapondeko, ndipo chimene chikundisowetsa tulo ndi anzanga a pantchito: adzati ndawagulitsa chifukwa cha ndalama. Ndivomere kapena ndikane?"

A Sisita, vomerani kuwerenga mapepalawo, koma musamulonjeze loyayo kalikonse pa zimene mudzapezemo. Akapanda kukondwa nazo, m'bwezereni fayilo yake tsiku lomwelo. Ndichedwapo pofotokoza, chifukwa inenso funso lomweli linandichezetsa usiku. Ndine clinical officer, ndinakhala kumbuyo kwa ambulansi zaka zambiri ndisanayambe kuphunzitsa, ndipo maloya andipatsapo mafayilo kangapo. Pamaso pa ajaji ndaimapo kawiri. Milandu inayo inathera pa zokambirana.

Tiyambe ndi za anzanuzo. Mlanduwu udzazengedwa, inu mulipo kaya palibe. Mukakana, loyayo adzagogoda kwa dokotala wamkulu wa mu wodi, munthu wodziwa ndithu, koma amene sanayesepo kupeza mtsempha wa mwana wotha madzi m'thupi galimoto ikudumpha m'maenje a ku Kanyama mwezi wa Januwale, nyali ya kumbuyo itazima, mayi wa mwanayo akukuunikirani ndi foni. Dokotala woteroyo adzayeza anzanu ndi muyeso wa ku ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo ajaji sadzamva mawu ena oposa amenewo. Anzathu a m'ambulansi akhala akuweruzidwa ndi anthu oti sanakwerepo kumbuyoko, ndipo zimenezi zimandiwawa. Komanso pali banja lija. Anaika mwana m'manda, ndipo mpaka lero palibe amene anakhala nawo pansi kuwauza chimene chinachitika m'galimotomo. Munthu amene angathe kuwauza zoona onse awiri, ajaji ndi banjalo, ndi munthu ngati inu.

Koma mumvetse kuti simukupita ngati nkhoswe. Kumudzi banja likagwedezeka, mbali iliyonse imabwera ndi nkhoswe yake, ndipo nkhoswe imalankhulira mwana wake ngakhale ikudziwa pamene waphonya. Ntchito imeneyo kukhoti ndi ya loya. Mboni ya ukatswiri ndi ya khoti. Amene wakuitanani ndi kukulipirani ndi loya, koma amene mukumuthandiza ndi jaji, poti iye sadziwa ngati silinda ya oksijeni yaing'ono ingafikitse wodwala kuchokera ku Chongwe mpaka ku chipatala chachikulu cha UTH. Jaji wina wa ku England, Cresswell, anandandalika udindo umenewu m'chaka cha 1993 pa mlandu wa sitima yotchedwa Ikarian Reefer, ndipo mfundo zake zimatchulidwabe m'maiko ambiri otsatira malamulo a Chingerezi: maganizo anu akhale anuanu, musabise mfundo imene ikutsutsana ndi zimene mwanena, ndipo funso likapitirira pamene pali luso lanu, nenani kuti lapitirira. Mboni wamba imaloledwa kunena zimene inaona ndi kumva basi. Inu mumaloledwa kunena maganizo anu pa zinthu zimene simunaone, ndipo n'chifukwa chake khoti limafuna kuti mukhale osakondera. Ngakhale zili choncho, jaji sakakamizidwa kutsatira zimene mwanena. Amaziyeza pamodzi ndi umboni wina wonse.

Muyeso umene makhoti athu amagwiritsa ntchito pa milandu ya kusasamala kwa azachipatala unachokera pa mlandu wa Bolam, ku London, mu 1957. Mwachidule, wogwira ntchito salakwa ngati wachita zimene gulu lodalirika la anzake a luso lomwelo limaziona kuti n'zoyenera. Safunsidwa ngati anali katswiri woposa onse, kapena ngati pali wina amene akanachita mosiyana. Nesi woperekeza wodwala amayerekezedwa ndi manesi ena osamala operekeza odwala. Mu 1997, pa mlandu wa Bolitho, akuluakulu a House of Lords, khoti lalikulu kwambiri la ku England pa nthawiyo, anawonjezera kuti chizolowezicho chiyenera kukhala chomveka m'nzeru; mawu akuti "tonse timatero" paokha sakwana. Ziwirizi muzigwire pamodzi. Choyamba chimateteza mnzanu amene analibe makina opumira ndipo anafinya Ambu bag, thumba lopopera mpweya m'mapapo, ndi manja njira yonse mpaka zala kuuma. Chachiwiri sichiteteza chizolowezi chija tonse tikuchidziwa, chomusiya wodwala kumbuyo ndi wachibale, nesi n'kukakhala kutsogolo ndi dalaivala. Ambiri amachita, koma palibe angaime pamaso pa jaji n'kupereka chifukwa chake chomveka.

Pali mlandu wina umene ndimafuna aliyense wolandira mafoni a ambulansi ataudziwa, wa Kent ndi Griffiths. Mu 1991 mayi wina woyembekezera wa ku London anabanika ndi mphumu. Dokotala wake anaitana ambulansi, panaimbidwanso mafoni ena awiri, ndipo ankauzidwa kuti ikubwera. Inafika patatha mphindi 40, mayiyo anasiya kupuma kwa kanthawi, ubongo unawonongeka ndipo anapita padera. Khoti linapeza kuti nthawi yofikira imene inalembedwa pa fomu inali yabodza. Mu 2000 Court of Appeal ya kumeneko, motsogozedwa ndi Lord Woolf, inagamula kuti a ambulansi akangovomera kuitanako amakhala ndi udindo kwa wodwalayo. Inasiyanitsanso zinthu ziwiri: kusowa galimoto chifukwa zonse zili kwina ndi nkhani ina, koma apa galimoto inalipo, ndipo panalibe chifukwa chomveka chochedwera. Akanauzidwa zoona, achibale akanamutengera okha ku chipatala. Ziweruzo za ku England za zaka zimenezi sizimanga makhoti a ku Zambia, koma maloya amazitchula ndipo ajaji amazilingalira. Ganizirani kangati kuno foni imayankhidwa kuti "tili pafupi, dikirani" pamene galimoto idakali pa mzere ku chipatala cha Levy Mwanawasa, banja n'kusiya kudzutsa neba amene ali ndi galimoto.

Tsopano mapepala, poti ntchito yeniyeni ili pamenepo, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Fayilo yoyamba imene ndinalandira inali ya mayi amene anataya magazi atabereka pa kiliniki ina kunja kwa tauni, namwalira atangofika ku chipatala chachikulu. Fomu ya m'ambulansi inali yoyera bwino, yosapindika. Ananyamuka 02:10, anafika 02:40. BP 110/70, katatu konse. Kugunda kwa mtima 88, katatu konse. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Aliyense amene anaperekezapo mayi wotaya magazi akudziwa kuti fomu yoona imakhala ndi chidindo cha chala cha magazi pakona, zilembo zimathawa mzere pamene galimoto inagunda bampu, ndipo manambala sakhala malo amodzi. Munthu amene magazi akumuthera, mtima wake umathamanga, 110, 120, 130, BP isanayambe n'kutsika komwe. Fomu ija inalembedwa pa tebulo, kunja kutacha.

Ndinapempha loya kuti afunefune zinthu zimene palibe amakumbuka kuzikonza. Buku la alonda a pageti pa kiliniki linati ambulansi inatuluka 02:55. Mlondayo analemba ndi bolopeni yofiira, pansi pa mzere wa galimoto ina imene inabweretsa mkazi wa matenda akuyamba. Kaundula wa ku chipatala chachikulu anati analandiridwa 03:30. Foni ya mzamba inaonetsa kuti anaitana 01:35. Mphindi 80 kuyambira kuitana mpaka kunyamuka. Buku la mafuta linamaliza nkhani: thanki inali youma, ndipo munthu wosunga khadi la mafuta sankayankha foni. Koma m'mapepala omwewo ndinapezanso zimene nesi woperekeza mayiyo anachita podikira. Anabaya oxytocin, mankhwala ofinya chiberekero kuti magazi aleke, ndipo khadi la m'kabati ya mankhwala linavomereza. Anatikita chiberekero, anaika kathita, anatsegula madilipi awiri, anaimbira chipatala chachikulu kuti akonze magazi. Palibe chimene ine ndikanawonjezera pamenepo.

Lipoti langa linanena zinthu zitatu: kuti kuchedwako kunalibe chifukwa chovomerezeka, kuti chisamaliro cha nesiyo chinali choyenera, ndi kuti fomu inalembedwa pambuyo ndipo siingadaliridwe. Loya wa banja anakondwera ndi choyamba ndi chachitatu, nandipempha mwaulemu kuti chachiwiri ndichichotse, poti sichikuthandiza anthu ake. Ndinakana. Ndinamuuza kuti angathe kusiya kugwiritsa ntchito lipoti lonse, koma sangadule pakati. Analigwiritsa ntchito lathunthu, ndipo mlandu unathera pa kukambirana, eni galimoto n'kulipira. Nesi uja ndinadzakumana naye pa maphunziro ena patapita chaka. Tsiku loyamba sanandipatse moni. Tsiku lachitatu, nthawi ya tiyi, anadzakhala pafupi nane, nandionetsa pa bondo la thalauza lake la yunifolomu pamene panali zomatira za pulasitala. Anati masiku ano amamata kachidutswa ka pulasitala pamenepo asananyamuke, n'kumalembapo nthawi ndi BP galimoto ikuyenda, ndipo fomu ikadetsedwa amaipereka yodetsedwa yomweyo. Amene anamuuza kuti alembenso fomu tsiku lija anali wa mu ofesi, ndipo bodza limenelo ndi limene linatsala pang'ono kumudyera laisensi, osati ntchito ya manja ake.

Chovuta kwambiri pa ntchitoyi ndi kusiyanitsa cholakwa ndi chimene chinapha munthu. Khoti limafuna zonse ziwiri: kuti panali kusasamala, komanso kuti pakanapanda kusasamalako zinthu zikanatha mwina. Pa milandu yotere safuna umboni wochotsa chikayiko chonse monga pa milandu ya upandu; amangoyeza mbali imene ikulemera. Mlandu umene ophunzira zamalamulo onse amaudziwa ndi wa Barnett. M'mawa wa tsiku la Chaka Chatsopano cha 1966, alonda atatu a usiku ku London anapita ku casualty akusanza atamwa tiyi. Dokotala sanabwere kudzawaona, anangotuma nesi kuti awauze apite kwawo. Mmodzi anamwalira patapita maola ochepa, ndi poizoni wa arsenic. Khoti linati dokotalayo analakwa, koma ngakhale akanamuona, mankhwala sakanafika pa nthawi yake, choncho mkazi wamasiye sanapate kanthu.

Ine zoterezi zinandigwera pa fayilo ya mnyamata wa njinga yamoto amene anagundidwa pa Great East Road. Ambulansi inachedwa kwambiri, ndipo ndinalemba choncho mosabisa. Koma nesi wina wodutsa amene anaima pa malo a ngozi mphindi zoyambirira anapeza GCS, muyeso wa mmene munthu akuzindikirira, ili pa 3, imene ndi yotsikitsitsa pa sikelo yofika 15, maso onse awiri osayankha kuwala, ndipo dokotala wopima mtembo anafotokoza mmene ubongo unawonongekera. Ndinayenera kuuza loya kuti sindinganene kuti kufulumira kukanamupulumutsa. Bambo ake a mnyamatayo anali mu ofesimo, atagwira chipewa ndi manja onse awiri pa maondo. Sanakalipe. Anangofunsa ngati mwana wawo ankamva ululu pamene anagona pa tala paja. Ndinawauza kuti munthu wokomoka kufika pamenepo sazindikira kanthu, ndipo anagwedeza mutu, nathokoza. Ndikhulupirira kuti funso limenelo ndi limene analisenza miyezi yonseyo.

Mlandu wa mwana ngati wanuwu ungakhale wosiyana kotheratu. Ana ambiri mtima umaima chifukwa mpweya wayamba wasowa, ndipo ubongo umayamba kuwonongeka pakapita mphindi 4 mpaka 6 popanda oksijeni. Ngati silinda inatha m'njira, kapena njira ya mpweya inatsekeka popanda woona, mphindi zimenezo zimawerengeka imodziimodzi. Koma apa samalani malire anu. Kusakhala dokotala si vuto. Khoti limayang'ana maphunziro ndi zaka za ntchito, ndipo pa funso la zimene ziyenera kukhala m'galimoto, kuyeza wodwala wosakhazikika mphindi 5 zilizonse, kuwerengera mankhwala a mwana molingana ndi makilogalamu ake, ndi kupereka wodwala m'manja mwa a ku casualty, inu ndinu mwini nkhani. Chimene chinapha mwanayo ndi funso la dokotala wa ana ndi wopima mtembo. Kwathu kuno mabanja ambiri amakana kuti thupi ling'ambidwe, amafuna kukaika msanga, ndipo ndimawamvetsa. Koma ngati kupimako sikunachitike, musadzaze mpatawo ndi zongoganiza. Lembani kuti funsolo si lanu.

Kukhoti kwenikweniko sikoopsa monga mukuganizira, koma kumatopetsa. Ku Zambia kulibe jury, gulu la anthu wamba logamula mlandu, mukulankhula ndi jaji mmodzi. Mumalumbira ndi Baibulo kapena kulonjeza kunena zoona, loya amene wakuitanani amayamba, kenaka amaimirira wa mbali inayo. Ulendo wanga woyamba, funso lake loyamba linali lakuti ndinakwera liti ambulansi komaliza. Zinali zaka zitatu kumbuyo, ndipo ndinanena choncho. Anayang'ana ajaji nthawi yaitali kuti amve bwino. Kenaka anayamba aja akuti "inde kapena ayi", kufuna ndivomere kuti fomu yosainidwa ndi nesi wovomerezeka ndi yodalirika. Ndinatembenukira kwa ajaji, ndinati "My Lady", ndikupempha kufotokoza, ndipo anandilola. Muzitero inunso: funso limachoka kwa loya, yankho limapita kwa jaji. Muziyang'ana cholembera chawo, chikaima ndi pamene mupitirize. Mawu ngati hypovolaemia (kuchepa kwa magazi kapena madzi m'mitsempha) muwamasule m'Chingerezi cha tsiku ndi tsiku. Loya wa mbali inayo akanena chinthu choona, vomerani msanga, ngakhale chikupweteka mbali imene yakuitanani. Jaji amakhulupirira mboni imene waiona ikuvomera. Ndipo mukonzekere kubwerera kunyumba osalankhula, mlandu utaimitsidwa mpaka mwezi wina, mutapempha kale tchuthi.

Za ndalama, musachite nazo manyazi, ndi ntchito. Gwirizanani polemba musanatsegule fayilo: mtengo wa ola lililonse lowerenga ndi kulemba, mtengo wa tsiku la kukhoti ngakhale mlandu utaimitsidwa, ndi gawo lina loperekeratu. Ngati simudziwa poyambira, tengani zimene mumalandira pa shifiti ya ganyu ku chipatala cha pulaiveti, n'kukweza chifukwa cha udindo wake. Chimene musavomere ngakhale pang'ono ndi kulipidwa pokhapokha mlandu ukapambana, kapena kulandira gawo la chipukuta misozi. Akulu anati mlandu sagula ndi chipanda cha mowa, ndipo loya wa mbali inayo adzakufunsani poyera mmene mukulipidwira. Dzina lanu ku Nursing and Midwifery Council of Zambia likhoza kudetsedwa ndi lipoti limodzi lokhota, monganso langa ku HPCZ (Health Professions Council of Zambia).

Lusaka ndi yaing'ono kwa ife a ntchitoyi. Funsani maina a anthu a m'ambulansiyo musanawerenge china chilichonse. Ngati munaphunzira nawo kalasi imodzi, munagwirapo ganyu pa kampaniyo, kapena mumagwira pa kampani yopikisana nayo, muuzeni loya polemba, ndipo ngati ubalewo ndi wapafupi, kanani. Ngati muli pa ntchito ya boma, lemberani akuluakulu anu musanasaine kanthu, makamaka chifukwa mwanayo anachokera ku kiliniki: ikakhala ya boma, Attorney General, loya wamkulu wa boma, akhoza kulowetsedwa pa mlanduwo, poti ndi mmene boma limasumiridwira pansi pa State Proceedings Act, ndipo mudzapezeka mukuchitira umboni pa nkhani yokhudza abwana anu. Mapepala a mwanayo asalowe pa gulu la WhatsApp la ku ntchito, ngakhale mutabisa dzina, ndiponso musakambirane ndi msuweni wanu uja. Timati mlandu suola, koma ku khoti mlandu wa kuvulala kapena imfa yobwera ndi kusasamala uli ndi malire a zaka zitatu, choncho mukavomera musagone nayo fayilo.

Sabata ino mulembereni loyayo, mum'pemphe akutumizireni mafunso ake polemba, pamodzi ndi izi: kalata yotumizira wodwala ya ku kiliniki, fomu ya m'ambulansi yeniyeni osati yojambulitsa ngati n'kotheka kuiona, buku la olandira mafoni, buku la mafuta ndi makilomita, pepala loyendera zida la shifiti imeneyo, buku losinthira masilinda a oksijeni, mapepala a maphunziro a onse amene anali m'galimoto, kaundula wa ku casualty, ndi buku la alonda a pageti zonse ziwiri. Jambulani mzere umodzi pa pepala lalikulu, muikepo nthawi iliyonse ndi kumene mwaitenga, pokumbukira kuti wotchi ya pakhoma la kiliniki ndi ya pa foni zimatha kusiyana mphindi zingapo popanda wonama. Mawu a mayi wa mwanayo muwawerenge komaliza, mzere utatha kale, kuti chisoni chisakulembereni lipoti. Mukamawawerenga, fufuzani chinthu chimodzi chimene fomu siidzakuuzani: galimoto itanyamuka pa kiliniki paja, ndani anakhala kumbuyo ndi mwanayo.